Waya Wopita ku Zipinda Zakuseri

Mu 2024 anthu a ku Dambwa, komboni ya ku Livingstone, anaphunzira kuphika nsima pakati pa usiku. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika mpaka makina ambiri opanga magetsi a ku Kariba North Bank anaima. Kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 patsiku, kenako 12, ndipo pofika nyengo yotentha malo ambiri ankakhala opanda malaiti maola 20 ngakhale kuposerapo. Munthu wa ku Livingstone zinkamuwawa kawiri, poti siteshoni ya Victoria Falls, ya mamegawati 108, ili pakhomo pake penipeni, kunsi kwa mathithi. Koma magetsi a pamenepo si a Livingstone yekha. Amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo dziko lonse linkawalirira.

Tsono malaiti akangoti ngwee, kaya ndi usiku wanji, komboni yonse inkadzuka. Mafoni pachaja, madzi m'ketulo, mphika pahotipuleti, simbi pamalaya, zonse nthawi imodzi, popeza panalibe wodziwa kuti magetsiwo akhala maola angati. Makala nawo anali atakwera mtengo. Mawaya ambiri amene anakhala zaka akungoyatsa mababu ndi TV anayamba kusenza katundu amene sanapangidwire.

Panali bambo wina ku Dambwa North, Mchewa wa ku Katete, amene anafika ku Livingstone ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji. Atapuma, ndalama zake anamangira zipinda zitatu kuseri kwa nyumba n'kuikamo anthu a lendi. Chipinda choyamba munali mayi wogulitsa zitumbuwa pamsika. Chapakati munali mnyamata wogwira ntchito palodge ina ya alendo odzaona mathithi, amene bwana wake sankafuna kuona yunifomu yamakwinya. Chakumapeto munali banja latsopano la mwana wakhanda.

Magetsi a zipinda zitatuzi ankachokera pasoketi imodzi ya m'khitchini ya nyumba yaikulu. Pasoketipo panali pulagi, papulagi pali waya woyera wopyapyala, wa 0.75 mm², uja timalumikizira wailesi ndi nyale. Unkatuluka pazenera, kukwera m'denga, kudutsa pabwalo utakolekedwa pamtengo wa mango, mamita 30 mpaka kuseri. Mpukutu umene mdalayo anagula unaperewera pang'ono, ndiye analumikiza chidutswa china pansi pa malata a chipinda chapakati: kupotokola mawaya ndi zala, kukulunga ndi pulasitiki, basi. Mmisiri amene anamangirira pulagiyo zaka zapitazo anaikamo fyuzi ya maampu 5, ija yolembedwa zakuda, n'kunena mosabisa kuti chingwe chimenechi n'cha kuunikira kokha. Pangano ndi alendi linalinso lomwelo: magetsi ndi ounikira ndi kuchajira foni, kuphika n'kwa pambaula.

Panganolo linagwira ntchito mpaka pamene load shedding, kuzimitsa magetsi kuja, inafika poipa. Ndani angakolezenso mbaula pakati pa usiku magetsi ali ngwee, makala akudula chonchi? Mayi wa zitumbuwa anagula hotipuleti. Mnyamata uja anatulutsa simbi yake imene kale ankakasitira kwa mnzake. A chipinda chakumapeto anagula ketulo yowiritsira madzi a mwana. Usiku woyamba umene onse atatu anayatsa pamodzi, kuseri konse kunangoti bii pamene nyumba yaikulu ikuwala. Fyuzi inali itapsa. M'mawa mdala anagula ina, nayo inapsa usiku womwewo. Pa tsiku lachitatu kunabwera mnyamata wa pafupi, mmodzi wa aja amadziwa chilichonse, kuyambira njinga mpaka dishi ya TV. Anatsegula pulagi, anataya fyuzi, anapota timawaya ta kopa n'kutimanga pamalo pake.

"Apa ndiye mwathana nazo, Madala. Iyi siidzapsanso."

Sananame. Siinapsenso.

Pakhomopo pankakhala mdzukulu wamkazi amene ankakonzekera mayeso a Giredi 12. Iye ndiye anayamba kuona kuti babu ya pakhonde la kuseri imagwa mphamvu ketulo ikayatsidwa, ndiponso kuti waya wa pazenera la khitchini ukaugwira umatentha n'kufewa. Usiku wina analowa m'zipinda zonse zitatu ndi tochi ya foni, akupepesa, n'kumatembenuza zipangizo. Pansi pa ketulo panali kachizindikiro kolembedwa 220-240 V, 2000 W. Hotipuleti inali ya 1500 W. Simbi, manambala ake atayamba kufufutika pachidendene, inali ya 1100 W. Anakhala pansi n'kulemba kuseri kwa pepala la mayeso akale.

Masamu akewo ndi ofunika kuti tiwatsate bwinobwino, chifukwa ndi omwewo amene aliyense wa ife angachite ndi kakyuleta ya pafoni.

Pa magetsi pali zinthu zinayi zoyeza. Mavolti ndi mphamvu yokankha, ndipo a m'nyumba za ku Zambia ndi ku Malawi ndi 230. Maampu ndi kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda m'waya. Mawati ndi ntchito imene magetsiwo akugwira, kaya kuwiritsa madzi kaya kuzunguza fani. Chachinayi amisiri amachitcha resistance, ndiko kukaniza kumene chinthu chilichonse chimachita magetsi akamadutsamo, ndipo amakuyeza mu ma ohm. Zinayizi zimamangana ndi malamulo awiri okha. Loyamba: mawati ndi mavolti kuchulukitsa ndi maampu. Lachiwiri, lija la Ohm: mavolti ndi maampu kuchulukitsa ndi ma ohm. Ukadziwa ziwiri mwa zinayizo, zinazo umazipeza pogawa kapena pochulukitsa.

Tengani ketulo ija. Mawati 2000 kugawa ndi mavolti 230, mupeza maampu 8.7. Mukafuna kudziwa kukaniza kwa chitsulo chotenthetsa cha m'kati mwake, gawani mavolti 230 ndi maampu 8.7, mupeza ma ohm 26 ndi kadontho. Babu yakale ya mawati 100 imakoka maampu 0.43 okha, chifukwa kawaya kake kakayaka kamakaniza ndi ma ohm oposa 500. Apa pali chinthu chimene ambiri chimatizungulitsa mutu: chipangizo champhamvu ndicho chili ndi ma ohm ochepa. Chimatsegula njira kwambiri, magetsi n'kukhamukiramo ambiri. Ndipo mukalumikiza zipangizo zingapo pachingwe chimodzi, chilichonse chimatsegula njira yakeyake, maampu onsewo n'kumadutsa m'waya mmodzi yemweyo wochokera kusoketi.

Mtsikanayo anaphatikiza: 2000 ndi 1500 ndi 1100, zonse 4600. Anagawa ndi 230. Yankho linatuluka lopanda chotsala, maampu 20. Waya wa 0.75 mm² malire ake ndi maampu 6.

Sanaimire pomwepo. Waya nawonso uli ndi kukaniza kwake, ngakhale ndi wa kopa. Wa 0.75 mm² umakaniza pafupifupi ma ohm 26 pa kilomita. Magetsi amapita n'kubwerera, choncho mamita 30 a chingwe ndi mamita 60 a kopa, kutanthauza ohm imodzi ndi theka. Zipangizo zitatu zija pamodzi zimakaniza ma ohm 11.5, ndiko kugawa 230 ndi 20. Kuphatikiza ndi za waya, ma ohm 13. Ndiye maampu enieni oyenda anali pafupifupi 18, osati 20, koma musati mpumulo. Maampu 18 kuchulukitsa ndi ohm imodzi ndi theka ndi mavolti 27 otayikira panjira, n'chifukwa chake babu inkagwa mphamvu, kuseri kunkangofika mavolti 200 ndi pang'ono. Mavolti 27 amenewo kuchulukitsa ndi maampu 18 ndi mawati pafupifupi 500. Mawati amenewa sankawiritsa madzi a mwana kapena kukazinga chitumbuwa. Ankatenthetsa waya, m'denga, pansi pa malata a Livingstone m'mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale mthunzi umawotcha.

Kale, pamene kuseri kunali mababu, TV imodzi ndi machaja, zonse pamodzi zinali mawati ngati 100, maampu osafika theka, ndipo kutentha kwa m'waya sikunkakwana ngakhale wati imodzi. Maampu anakwera ka 40, koma kutentha kunakwera kuposa ka 1,500. Chifukwa chake n'chakuti kutentha kwa m'waya kumatsata maampu kuchulukitsa ndi maampu omwewo, kenako ndi ma ohm. Maampu akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Akawirikiza katatu, kutentha ka 9. James Joule wa ku England ndiye anatsimikiza zimenezi cha m'ma 1840, patapita zaka zoposa khumi kuchokera pamene Georg Ohm, mphunzitsi wa sukulu ku Cologne, anasindikiza lamulo lake mu 1827. Akuluakulu a maphunziro a kwawo sanamulabadire Ohm poyamba, ulemu unadza mochedwa. Mdzukulu wa ku Dambwa naye anakumana ndi zomwezo.

M'mawa anapeza agogo ake pakhonde akumwa tiyi. Anagwada n'kuwapatsa pepala lija.

"Agogo, waya wa kuseri uja ukunyamula katatu kuposa mphamvu yake. Tsiku lina utentha nyumba."

Mdalayo anayang'ana manambala aja pepala atalitalikitsa, poti magalasi anali m'nyumba. Anaseka, n'kumuyankha mwa nthabwala zija za agogo ndi mdzukulu.

"Iwe mkazi wanga, masamu awa kawapatse a mayeso akupatse satifiketi. Ine ndayendetsa zitsulo za sitima iwe usanabadwe. Ukanakhala woopsa wayawo, bwenzi bureka ya pabolodi itagwa kalekale."

"Bureka ija ndi ya maampu 30, Agogo. Imalondera waya wonenepa wa m'khoma. Ikaona maampu 18 imati zonse zili bwino. Mlonda wa waya wopyapyala uja inali fyuzi, ndiye fyuziyo munaichotsa."

"Fyuzi inali yofooka."

"Sinali yofooka, Agogo. Inkagwira ntchito yake."

Apa mdala anakwinya nkhope pang'ono, nthabwala n'kutha. Anafunsa mtengo wa waya woyenera, ndipo atauyerekeza ndi lendi ya zipinda zonse zitatu anangoti tidzaona mvula ikagwa. Kuuza alendi kuti aleke kuphika sakanatha. Mayi wa zitumbuwa akanasamuka, ndipo ndiye yekha ankalipira pa tsiku lake.

Ine sindimuyesa wopusa mdalayu. Anawerenga ndalama molondola, kungoti pepala la mdzukulu analiyesa la kusukulu, losakhudza denga lake. Ndi mmene ambiri tinaphunzirira sayansi: lamulo la Ohm timaliloweza, timalilemba pamayeso, timalisiya pageti ya sukulu. Komanso pali chikhulupiriro chofala chakuti fyuzi ikapsa ndiye kuti yalakwa. Fyuzi ndi kawaya kopangidwa dala kuti kasungunuke koyamba, m'kabotolo kotsekedwa kodzaza mchenga, kuti waya wa m'denga usasungunuke m'malo mwake. Ukaikapo msomali, waya wonenepa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, malo ofooka sachoka. Amangosamukira kwina kumene sukuona.

Panali chizindikiro chinanso chimene chikanamutsegula maso, poti chinkakhudza thumba. Mayuniti a mita ya prepaid ankatha msanga, ndipo pakhomopo pankabuka mikangano, wina kuloza mnzake kuti ndiye akudya magetsi. Yuniti imodzi ndi mawati 1000 kwa ola limodzi. Zipangizo zitatu zija pamodzi ndi waya zinkameza mayuniti anayi pa ola, ndipo theka la yuniti pa ola lililonse mdala ankalipira kuti atenthetse denga lake lomwe.

Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha. Kwa masiku angapo mnyamata wa chipinda chapakati ankamva kafungo ngati ka nsomba yowola kosadziwika kochokera. Anasesa, anasuntha bedi kufunafuna khoswe wakufa, osapeza kanthu. Pulasitiki ya zamagetsi ikamapsa pang'onopang'ono imanunkha choncho. Fungolo linkachokera pamfundo ija ya pansi pa malata. Mawaya opotokola ndi zala sagwirana mokwanira. Akatentha amafutukuka, akazizira amabwerera, mfundo n'kumamasuka, kopa n'kumada, kukaniza n'kumakwera. Tinene kuti pamfundopo panafika theka la ohm. Maampu 17 kuchulukitsa ndi 17, kenako ndi theka, ndi mawati pafupifupi 150. Mawati 500 aja anali omwazika m'mamita 30. Awa 150 anali pamalo aang'ono ngati chikhadabo, okulungidwa m'pulasitiki, atatsamira phaso louma.

Usiku umenewo magetsi anabwera anthu atagona kale. Mayi wa zitumbuwa anatereka mafuta, a kumapeto anayatsa ketulo, mnyamata anasita yunifomu yake n'kupita kukasamba, simbi osaizimitsa pakhoma. Pobwera anapeza madontho a moto akugwa kuchokera kudenga, akugwera pamatiresi. Anakuwa. Anthu anatuluka, wina atanyamula mwana, wina atanyamula TV. Mayi wa zitumbuwa anathamanga ndi ndowa yodzaza madzi, ali pansi popanda nsapato, ndipo anali atakweza kale ndowayo pamene mtsikana uja anamugwira mkono.

"Amayi, dikirani! Waya udakali ndi moto wa magetsi!"

Anathamangira m'nyumba yaikulu n'kugwetsa switchi yaikulu ya pabolodi. Pamenepo mpamene anthu anayamba kuthira madzi ndi mchenga.

Apanso ndi lamulo lomwe lija. Khungu louma limakaniza ndi ma ohm masauzande ambirimbiri, n'chifukwa chake ena amagwidwa ndi magetsi n'kungodzidzimuka, kenako n'kumadzitama kuti iwo magetsi sawaopa. Thupi lonyowa, mapazi ali padothi lonyowa, kukaniza kumatsika mpaka ma ohm ngati 1000. Mavolti 230 kugawa ndi 1000 ndi maampu 0.23. Nambalayo ikuoneka yaing'ono poiyerekeza ndi ya ketulo, koma ndi yokwanira kusokoneza kugunda kwa mtima. Chipangizo choteteza anthu chimene amisiri amachitcha earth leakage chimadula magetsi pa maampu 0.03 okha, ndipo amene anasankha nambala imeneyo ankadziwa chimene mtima wa munthu ungapirire. Nyumba ya mdalayo inalibe chipangizochi.

Palibe anafa. Chipinda chapakati chinapsa denga, matiresi, zovala, ndi chikwama mmene mnyamata uja ankasungamo chitupa cha NRC ndi masatifiketi ake. Zipinda zinazo zinada ndi utsi. Banja la mwana wakhanda linasamuka m'mawa mwake, lendi ya mwezi umenewo osalipira, ndipo panalibe amene akanalimba mtima kuwafunsa. Mnyamata wodziwa zonse uja sanaonekenso mumsewu umenewo kwa nthawi ndithu.

Mmisiri amene anabwera pambuyo pake anali wamapepala, wophunzira ntchito yake kukoleji ya zaumisiri. Ku Livingstone komweko kuli LIBES, imodzi mwa makoleji a pansi pa TEVETA, ndipo amisiri otere sasowa ngati munthu wawafunadi. Anayang'ana chotsalira cha waya uja, anayang'ana pulagi, sananene zambiri. Mtsikana anamuonetsa pepala lake lija. Analiwerenga mpaka pansi n'kutembenukira kwa mdala.

"Abambo, injiniya munali naye m'nyumba momwemo."

Iye anati kuseri kufunika waya wa 4 mm² wochokera pabolodi penipeni, wodutsa m'paipi, wokhala ndi bureka yakeyake ndi earth leakage, ndipo polumikiza paliponse pakhale bokosi ndi zomangira za sikuluwu. Pa mamita 30 omwewo, waya wa 4 mm² umakaniza osafika ma ohm 0.3, kuchepa kasanu poyerekeza ndi woyamba uja. Pokagula anapita naye mdalayo kusitolo. Asanalipire anatulutsa kampeni n'kupala nsonga ya wayawo. Anafotokoza kuti pamsika pali mawaya ooneka ofiira kunja koma m'kati ndi aluminiyamu woyera, wongopakidwa kopa pamwamba. Aluminiyamu amakaniza kuposa kopa ndi theka n'kupitirira, amathyoka msanga, ndipo pamfundo amamasuka. Mpukutu wake umapepuka m'manja ndipo mtengo wake umakoma. N'zomvetsa chisoni kuti zotere zigulitsidwe m'dziko la kopa, mmene fakitale ya ZAMEFA ku Luanshya yakhala ikupanga mawaya kwa zaka zambiri, koma munthu wosauka amagula chimene thumba lalola, ndipo ogulitsa amadziwa zimenezo.

Nkhani ikanathera apa, koma load shedding inali isanathe, ndipo msampha wachiwiri ndi umene ukukola anthu ambiri tsopano. Mwana wa mdalayo wa ku Lusaka, pomva za motowo, anatumiza sola: mapanelo, batire ya mavolti 12 ndi inverter ya mawati 1000, yosinthira magetsi a batire kukhala a m'nyumba. Mdala anasangalala. Anati awa ndiye magetsi ofatsa, mavolti 12 okha, ngakhale mwana angagwire. Anatola chidutswa cha waya woyera chimene chinapulumuka pamoto kuti alumikizire batire ku inverter.

Ulendo uno mdzukulu sanagwade n'komwe. Anangotenga wayawo m'manja mwa agogo ake.

N'zoona kuti mavolti 12 sagwira munthu. Koma bwererani ku lamulo loyamba lija. Mawati 1000 pa mavolti 230 ndi maampu 4.3. Mawati 1000 omwewo pa mavolti 12 ndi maampu 83, ndipo poti inverter nayo imadyako, amafika cha m'ma 90 kapena kuposa. Mavolti akachepa, maampu ayenera kuchuluka kuti ntchito ikhale yomweyo, ndipo chotenthetsa waya ndi maampu. Mita imodzi yokha ya waya woyera uja, kupita ndi kubwera, ndi ma ohm 0.05. Chulukitsani 90 ndi 90 ndi 0.05, mupeza mawati 400 pa mita imodzi. Pulasitiki yake ingasungunuke musanamalize kuthira shuga m'tiyi. Pakati pa batire ndi inverter yotere pamafunika chingwe chonenepa ngati chala, cha 16 kapena 25 mm², chachifupi, chomangidwa zolimba, ndi fyuzi yake pafupi ndi batire. Batire ilibe switchi ya ZESCO yoti wina akagwetse. Mawaya ake akakhudzana imatulutsa maampu mazanamazana mpaka china chake chisungunuke.

Ndi chifukwa chomwechi ZESCO imanyamulira magetsi pa mavolti 330,000 m'mawaya aja a pansanja zazitali. Mamegawati 108 a ku Victoria Falls atati ayende pa mavolti 230, pangafunike maampu pafupifupi 470,000, ndipo palibe waya padziko ungawasenze. Pa mavolti okwerawo amangokhala maampu mazana ochepa. Thiransifoma ya pamtengo m'komboni ndiyo imatsitsa mavolti komaliza pafupi ndi nyumba zathu.

Masamu omwewa anamuuzanso mdala zimene sankafuna kumva za batire yake. Batire ya 100 Ah pa mavolti 12 imasunga yuniti imodzi ndi kachidutswa, 12 kuchulukitsa ndi 100, ndipo ikakhala ya mtovu siyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati ukufuna ikhalitse. Zotsalazo n'zokwanira mababu, TV, fani ndi mafoni usiku wonse. Hotipuleti ya mawati 1500 ingazimalize mphindi zosafika 30, ikanakhala kuti inverter ya mawati 1000 ingaiyatse n'komwe. Anthu ambiri amene akudandaula kuti anawagulitsa batire yabodza anaipha okha ndi simbi ndi ketulo, ngakhale kuti mabatire abodza nawo aliko.

Mdala anagula chingwe chonenepacho, akung'ung'udza. Zipinda ziwiri zili ndi anthu. Chapakati chikudikirabe malata.

Inu amene muli ndi adaputa ya mabowo asanu kuseri kwa kabati, kapena chingwe chopita kukantemba, kusaluni, kukhola la nkhuku kapena kwa alendi, musadikire kununkhiza nsomba. Tembenuzani chipangizo chilichonse cholumikizidwa pamenepo, werengani nambala ya W, phatikizani, gawani ndi 230. Pulagi ya mapini atatu ndi adaputa yabwino zimathera pa maampu 13, ndiwo mawati pafupifupi 3000, kutanthauza kuti ketulo ndi hotipuleti sizikhalira limodzi. Waya wa 0.75 mm² umathera pa 6, wa 1.5 mm² pa 15 kapena 16, ndipo ukakhala wokulungidwa pampukutu kapena wopanikizika pansi pa kapeti malirewo amatsika. Magetsi akapita, zimitsani simbi, hotipuleti ndi ketulo pakhoma musanagone, chifukwa adzabwera inu muli m'tulo. Tsegulaninso pulagi muone chimene chili pamalo a fyuzi. Mukapeza waya kapena msomali, zulani pulagiyo lero lomwe, ndipo musaibwezere mpaka mmisiri wamapepala ataona chingwe chonsecho.